Oda Imodzi Pofika Lamulungu

Lolemba

Nkhani ya ku Joni yabweranso patebulo. Tebulo lake lomwe anakhoma okha amuna anga, bambo a Tadala.

Alamu anga a Yotamu, msuweni wa bambo a Tadala, abwera kudzaona makolo ku Kaomba ndipo akubwerera ku Joni Lolemba likudzali. Avala jekete yachikopa dzuwa likuswa mtengo. Mawu awo ndi okoma: "Asuweni, dzanja lanuli kumeneko ndi golide. Anthu akulira makabati." Bambo a Tadala akungoti "mm". Ndimamudziwa "mm" ameneyu. Anamunenanso chonchi chaka chija anagula njinga ine ndisanavomere.

Zoona zake sindingakane. Kushedi kwawo kokhomera mipando kuli zii. Chitsekereni msika wa fodya palibe wagula ngakhale kampando. Aliyense pa Mtunthama pano wamanga kandalama kake pa nsonga ya chitenje, kudikira kuponi ya feteleza. Ukamuonetsa munthu bedi akukufunsa kuti, "Amadamu, bedi amathira m'munda?"

Koma ine ndili ndi chida changa. Tchuthi chathachi ife aphunzitsi anatitengera ku boma kukaphunzira makompyuta. Wotiphunzitsa, a Kamanga, anati bizinesi yopanda tsamba la pa intaneti ili ngati sitolo yopanda chitseko. Ndinabwerako nditatsegula tsamba la shedi yathu. Lili ndi dzina, nambala ya foni, ndi malo oti munthu alembepo uthenga wofuna katundu. Pansi pake pali kanambala kosonyeza anthu amene alowa.

Kanambalako lero kakuti 3. Onsewa ndikuwadziwa: ine, inenso pa foni ya ahedi, ndi a Kamanga.

Madzulo ano tapangana ndi bambo a Tadala. Ati, "Ikabwera oda imodzi yokha kudzera pa chinthu chanucho pofika Lamulungu, sindipita." Anena akuseka, poganiza kuti sizingatheke. Ine ndawagwira dzanja pamaso pa alamu, kuti pakhale mboni.

Sindikufuna apite. Ndalemba, ndawerenga, n'zoona. Mwamuna wa mnzanga Esinati anati zaka ziwiri zokha. Kunabwera filiji. Mwini wake mpaka lero.

Anthu okhala ndi ndalama mwezi uno alipo: a pa malipiro a ku boma, anamwino, a m'maofesi, ngakhale a ku Lilongwe. Chofunika n'chakuti alowe pa tsamba, aone, akopeke. Malangizo a a Kamanga:

- zithunzi zokongola
- kutumiza linki kwa aliyense womudziwa
- kulemba adiresi ya tsamba paliponse pamene maso angafike
- kuleza mtima

Chomalizachi ndilibe nthawi yake.

Lachiwiri

Tsiku la zithunzi. Ndaweruka kusukulu ndikuthamanga, choko chili m'manja momwe.

Tatulutsa katundu yense pansi pa mango, poti m'shedi ndi mwamdima. Zimene zatuluka:

- Mpando: wokongola, koma kumbuyo kwake kukuoneka chimbudzi cha aneba.
- Bedi: nkhuku yakwerapo, yakana kutsika. Ikuoneka ngati ndiyo mwini wake.
- Chitseko: bambo a Tadala achigwirizira kumbuyo, zala zikuoneka m'mbali zonse ziwiri.
- Kabati: kamvuluvulu wadutsa nthawi yomweyo. Chithunzi cha fumbi.
- Mmisiri mwini wake: wakana kuseka. Akuti munthu wogwira sowo akamaseka anthu samukhulupirira. Waima ngati akujambulitsa chiphaso.

Komabe m'chithunzicho akuoneka bwino, utuchi uli m'tsitsi, pensulo ili kukhutu. Ndachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene bizinesi ikufunira.

Chithunzi chabwino kuposa zonse ndi cha bokosi la maliro. Pali limodzi limene amasunga kuseri kwa matabwa, lofundika ziguduli, poti zovuta sizipangana ndi munthu. Vanishi wake ukudziwonerapo nkhope, makona ake osaoneka polumikizira. Bambo a Tadala akuti, "Limenelo lisiyeni." Ine ndikuti luso ndi luso, ndipo a m'tauni nawonso amafa. Ndaliika kumapeto kwenikweni kwa tsamba, mwaulemu, munthu achite kutsika kuti alione.

Linki ndatumiza ku gulupu ya banja la kwathu, ya banja la kwawo, ya aphunzitsi, ya amayi a kutchalitchi, ndi ya anzanga a ku koleji amene sitinalankhulane chimalizireni. Uthenga wachidule: "Abale nonse, lowani apa muone. Uzaninso ena."

Magetsi kulibe chiyambire dzulo. Foni yanga yazima nditangotumiza. Ndaipereka pamodzi ndi ya bambo a Tadala kwa wometa tsitsi wa pamsika, amene ali ndi sola. Tikazitenga mawa.

Mtima uli m'malo. Ndikuona kale mkulu wina wa ku boma atakhala mu ofesi, akuloza kabati yathu ndi cholembera.

Lachitatu

Ndadzuka ndi kulira kwa maliro kumsewu. Ndikuti mayo, kwagwa zovuta kwa yani? Ndamanga chitenje, ndatuluka kuti ndikathandize. Kulirako kukukhotera pakhomo panga.

Patsogolo apongozi anga, achokera ku Lisasadzi pa kabaza kusanache, manja ali kumutu. Pambuyo pawo azakhali ndi lichero la ufa, amayi a kutchalitchi ndi mitolo ya nkhuni. Wina waika kale masamba pamsewu, a njinga akutsika n'kumakankha.

Bambo a Tadala atulukira kuseri kwa bafa, mswachi uli kukamwa, thaulo lili paphewa. Kulira kwadukira pakati. Apongozi awayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, awatsina pamkono, kenako akhala pansi pomwepo n'kupempha madzi.

Nkhani yake ndaimva amayi ena atandionetsa foni yawo. Linki ikafika kwa munthu imabwera ndi kachithunzi kamodzi pamwamba, kosankha yokha. Pa zithunzi zonse zija yasankha bokosi. Ndiye anthu alandira bokosi lonyezimira, lochokera kwa mkazi wa munthu, ndi mawu oti uzaninso ena. Aimba foni yanga, yozima. Aimba ya mwamuna, yozima. Akanaganiza chiyani?

Manyazi ake ndilibe pobisala. Ndazungulira pabwalo ndikugwada, kupepesa mmodzimmodzi. Azakhali akuti, "Ufawu sindibwerera nawo, ungandiyambitsire tsoka." Taphika tiyi m'poto wa pa chikondwerero. Womwalirayo ndi amene wagawa makapu.

Kusukulu ndafika mochedwa. Ahedi anali atandipatsa kale masiku olira, ndipo anzanga atayamba kusonkha chipepeso. Andilandira ndi nkhope zosadziwa kuti akondwe kapena akwiye.

Masana ndatenga foni. Kanambala kadumpha kufika mazana. Mazana! Alowa a ku Mzuzu, a ku Blantyre, anzanga a ku koleji onse. Uthenga wa a Kamanga: "Amadamu, zikuyenda bwino kwambiri. Mwachita chiyani? Pitirizani chomwecho."

Oda palibe. Pa malo olemba zofuna katundu pali mauthenga a "pepani", ndi wina wochokera kwa munthu amene sindikumudziwa, wonena kuti malemuwo anali munthu wofatsa. Ndawawerengera bambo a Tadala. Akuti ndiusunge.

Bokosi ndalichotsa pa tsamba.

Chinanso chatuluka lero. Pofotokoza chifukwa chimene ndinatumizira linki, ndatchula za ku Joni, osadziwa kuti bambo a Tadala sanawauze amayi awo. Apongozi angoti, "Ooo." Atumiza wa kabaza akawatengere zovala ku Lisasadzi. Akuti abwera kale, akhala mpaka aone mapeto ake.

Lachinayi

Maliro atha, alendo athanso. Kanambala kaima ngati wotchi yakufa. Pa gulupu ya aphunzitsi wina wafunsa ngati linki ya lero ili ndi munthu wamoyo. Pa gulupu ya banja la kwawo andichotsamo.

Ndayenda pamsika kuuza anthu pakamwa. Yankho ndi limodzi: "Bandulo, amadamu." Munthu amene akusunga ya feteleza sangawotche mayunitsi poonera mipando. Ndikumvetsa, koma ndikupsa mtima chimodzimodzi.

Maganizo atsopano awiri.

Oyamba: adiresi pa ngolo. A Phiri oyandikana nafe amatunga madzi othirira nazale za fodya, ngolo yawo imayenda mseu wonse mpaka kudambo. Avomera kuti tilembepo, bola tiwakonzere thabwa lakumbuyo. Bambo a Tadala alemba ndi penti, zilembo zazikulu zoongoka, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Adiresi ndi yaitali. Yayamba kumanzere, yazungulira kumbuyo, yathera mbali inayo. Woti aiwerenge yonse ayenera kuthamanga mozungulira ngolo ng'ombe zikuyenda. A Phiri akuti ikuoneka ngati ya boma, anyadira.

Achiwiri: ngati anthu alibe bandulo, ine ndili nayo. Tiika benchi pansi pa mango, foni yanga ikhala pamenepo, aliyense adzalowa pa tsamba ulere. Kanambala kakwera, ndipo a Kamanga anati tsamba lolowa anthu ambiri limakwera pamwamba, a m'tauni amalipeza msanga. Poweruka ndauza ana a m'kalasi mwanga kuti akauze makolo: mawa abwere kushedi kwa amadamu, adzalowe pa foni, osalipira kanthu. Ndawabwerezetsa kawiri onse pamodzi.

Bambo a Tadala akuti, "Mukuvutikatu, mayi a Tadala." Anena mofatsa, akupala thabwa limene palibe analiitanitsa. Sakundiletsa, sakundiseka. Akanandiseka bwenzi ndikuwakalipira, mtima n'kupepuka.

Alamu adutsa madzulo kudzafunsa saizi ya nsapato ya asuweni awo, akuti kumeneko kumazizira. Ndawapatsa madzi ofunda a mumtsuko wa padzuwa. Apongozi sanawayankhe moni, angopitiriza kusenda mtedza.

Lachisanu

Ndatsegula chitseko m'mawa, ndapeza miyala. Yandandalikidwa kuchokera pa benchi, kudutsa pa mjigo, mpaka kumsewu. Pakati pake pali patapata, matumba opinda, chipewa, botolo. Ndani sakudziwa tanthauzo lake? Ndi mmene anthu amagwirira malo pa mzere wa feteleza kudepoti.

Ndadziuza kuti ndi chidwi chabe. Ndawasiyira bambo a Tadala foni, ndawaonetsa potsegula tsamba, ndapita kukaphunzitsa.

Nthawi yopuma ndafunsa ana zimene anakanena kunyumba. Onse pamodzi, mokweza, monyadira: "Amadamu akuti makolo onse abwere, akulowetsa anthu mu foni, ulere!" Mwezi uno uthenga wobwera ndi mwana wa sukulu, woti makolo onse abwere, umakhala wa chinthu chimodzi. Ndasiya kalasi m'manja mwa mnzanga, ndathamanga.

Zimene ndapeza:

- Mzere wafika pa sitolo ya mbewu, wakhota.
- Aliyense ali ndi chiphaso m'manja. Ena achokera ku Kaomba wapansi.
- Apongozi aima kutsogolo ndi ndodo, akulongosola: okalamba ndi oyembekezera ayambe.
- Mayi wina wayala mandasi ndi thobwa, watuma kale mwana akatenge zina.
- A Phiri aimika ngolo yawo yolembedwa pambali pa benchi, zonse zaoneka za boma ndithu.
- Bambo a Tadala ali pa benchi, thukuta kamukamu.

Kachitidwe kake n'kotere. Munthu akufika, akugwada pang'ono, akupereka chiphaso. Bambo a Tadala, poti sangakanize munthu wamkulu, akuchilandira ndi manja awiri, akuchiyang'ana, akubweza. Akumuonetsa mpando, bedi la nkhuku, chitseko cha zala. Munthuyo akugwedeza mutu mwaulemu, akudinda chala chachikulu pa galasi la foni, akuthokoza, akupita. Ndawafunsa kuti bwanji osawauza. Akuti, "Ndikuwauza kuti ndi mipando. Akuti eya, tikudziwa, poyamba amaonetsa mipando."

Ndakwera pa benchi kufotokoza. Palibe wandikhulupirira. Bambo wina akuti, "Mwalemba abale anu, ndiye mukuti zatha." Mpaka abwera alangizi a zaulimi pa njinga yamoto, atamva kuti kwa mphunzitsi wina akulemba maina a makuponi. Alankhula nthawi yaitali, alumbira, aonetsa chikwama chawo kuti mulibe kanthu. Anthu ayamba kutola miyala yawo, ena ndi maso oti akhoza kuigwiritsa ntchito ina.

Agogo ena akana kuchoka. "Nanga chala changa mwachitengacho chipita kuti?" Ndapukuta galasi ndi chitenje pamaso pawo, ndawaonetsa padzuwa. Alifufuza bwinobwino asanapite.

Chisoni chandigwira pamenepo. Anthu asiya nazale zosathirira, ayenda mtunda m'dzuwa ili, chifukwa cha ine ndi mipando yanga. Mandasi otsala ndagula onse, ndagawira ochokera kutali.

Komabe, ndikuti, alowa. Ndatsegula tsamba kuti ndione phindu la manyazi onsewa. Kanambala kali pomwe kanali dzulo. Ndaimbira a Kamanga. Akuti, "Amadamu, foni imodzi ndi munthu mmodzi. Ngakhale litalowa boma lonse la Kasungu, makina akuona inu nokha."

Bwanji sananene ku maphunziro kuja? Akuti ananena, tsiku limene ife tinali pa mzere wa alawansi.

Wa mandasi wabwera madzulo kudzafunsa ngati mawa tichitanso.

Loweruka

Ndikuchapa. Foni ili pa mwala pambali pa beseni, ndikuiyang'ana ngati mphika wa mkaka.

Yalira. Uthenga wa pa tsamba! Ndapukuta manja pa diresi. Ndi Chingerezi chaulemu kwambiri, chochokera kudziko lakutali. Akuti aona tsamba langa, ndi lokongola, koma lili ndi alendo ochepa, ndipo iwo angandithandize kupeza ambiri. Ngakhale kunja akudziwa.

Yaliranso ndikuyanika. Uwu ndi wa Chichewa. Ndawerenga mawu oyamba okha, "Ndikufuna kugula", ndipo ndathamangira kushedi sopo ali m'zigongono, ndikukuwa kuti oda, oda yabwera. Bambo a Tadala asiya pulena. Alamu analipo, abwera ndi chikwama chachikulu choti asuweni alongedzemo. Ndawerenga mokweza pamaso pa onse:

"Ndikufuna kugula bokosi limodzi la mlombwa, lotalika ngati ine. Sindikufulumira. Mmisiri akhale pafupi, azilikhoma pang'onopang'ono, adzalimalize tsiku lake likadzafika. Ndine Nabanda wa ku Lisasadzi."

Nabanda wa ku Lisasadzi, apongozi anga omwe, ali pakhonde, akupeta mtedza, sakuyang'ana aliyense. Kani m'mawa uja anati akupita kukaona odwala, anapita kwa mkazi wa a Phiri, amene ali ndi foni ya intaneti. Adiresi anaikopera pa ngolo, kuizungulira ili chiimire.

Alamu ayamba kuseka, aona kuti ali okha, asiya.

Bambo a Tadala apita pakhonde, anjuta. "Amayi, bokosi la munthu wamoyo sindikhoma. Mukudziwa." Apongozi osasiya kupeta: "Wanena wekha, oda imodzi. Yadzera pa chinthu cha mkazi wako. Ukakhala ku Joni, ine adzandikhomera ndani? Wa pamsika uja, wosiya mipata yolowa nyerere?"

Nkhuku zokha zikutola mtedza wogwa.

Ine m'mutu mukuyenda milandu. Pangano ndi pangano. Oda yabwera, yadzera pa tsamba, Lamulungu lisanafike, mboni ilipo ndi jekete yake. Nditati ndiumirire, sapita, ndimawadziwa, sabweza mawu. Koma ndiye kuti ndawauza atenge tepi ayeze amayi awo ali moyo, anthu a ku Lisasadzi adzamve kuti mwana anakonzera make bokosi akuyenda. Ndayang'ana nkhope yawo. Ndaika foni m'thumba.

Pambuyo pake, tili awiri m'shedi, anena zimene tonse takhala tikuzizemba sabata yonse. Tadala akupita ku sekondale chaka chamawa. Denga likudontha mbali ya ana. Msika wa fodya uli kutali, ndipo chaka chino anthu abwerako ndi manja okha. "Ngakhale ikanabwera oda yeniyeni, mayi a Tadala, kabati imodzi ikanatifikitsa kuti?" Ndinkadziwa. Ndinkangofuna chinthu choti ndichite ndi manja anga, m'malo mokhala n'kumayang'ana chikwama.

Masana atenga tepi, aitana amayi awo. Apongozi aimirira, awongoka ngati msilikali, manja m'mbali, maso otseka, poganiza kuti apambana. Mwana wawo wayeza kuchokera pa bondo kufika pansi, basi. Mlombwa umene amasungira kasitomala wolemera audula. Mpaka dzuwa kupendeka akukhoma mpando waufupi wotsamira, wa mikono, woti munthu wa mawondo ovuta adzuke yekha.

Apongozi aukhalira vanishi asanapake. Akuti, "Si zimene ndinaitanitsa." Sanadzukepo mpaka chakudya.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akutiyang'ana kuchokera pakhomo mpaka pa mpando. Ena akupereka moni kwa bambo a Tadala ndi manja awiri, akuti sanakhalepo pafupi ndi munthu wouka kwa akufa. Pa zolengeza mkulu wa mpingo wati za makuponi tidzamva kwa alangizi okha, osati pansi pa mango pa munthu. Sanatchule dzina. Mpingo wonse watembenuka.

Apempherera a paulendo. Ndayimba nawo, mawu akutuluka theka.

Kanambala sindinakayang'ane lero. A Kamanga atumiza malangizo ena asanu. Ndawathokoza.

Masana tikulongedza. Sowo sikulowa m'chikwama, yatsala. Pulena aikulunga m'chitenje changa chakale. Ndaikamo juzi, mankhwala a mutu, singano ndi ulusi ngakhale sadziwa kusoka. Kiyi wa shedi andipatsa ine. Akuti ndizitsegulako nthawi zina kuti chiswe chizidziwa kuti kuli anthu.

Akuti zaka ziwiri. Ine ndapitiriza kupinda malaya, filiji ya Esinati ili m'mutu.

Kenako atulutsa foni yawo, yosweka pakona, akhala pafupi nane pakhonde. Akuti ndiwaphunzitse polowera. Lachisanu lija anaonetsa anthu tsambali m'mawa wonse, koma pa foni yawo sanalitsegulepo. Zala zawo ndi zazikulu, zokakala, akadina chilembo chimodzi zikubwera zitatu. Tabwereza mpaka alowa okha. Ayang'ana nkhuku ili pabedi, aseka.

"Muziikapo zithunzi za ana. Ndi zanu zomwe. Ndizilowa."

Ndati tsambali ndi la bizinesi.

"Bizinesi yake ikukwera galimoto mawa."

Ndaseka nawo. Kenako ndapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukaanula zovala, ndalira pang'ono, ndabwerako ndi zovala.

Ndikubwera, foni yanga yalira. Uthenga wa pa tsamba, pa malo aja olemba zofuna katundu. Mawu awiri: "Ndafika bwino." Wolemba ali pakhonde pomwepa, nsapato sanavale, ana akumukwera pamsana. Akuti akuyeserera, kuti tsiku lofika asadzavutike kufunsa anthu.

Sindinaufufute. Ndikupita kukakazinga mtedza wa paulendo, alamu akuti galimoto inyamuka m'mamawa.